Kamfuno: tsiku locotsa thonje m'mphuno lisakhale la misozi

Kucokera mu June kufikira mvula yoyamba ya mu November, mzinda wa Lusaka umakhala wouma gwa. Kuzizira kwa June ndi July kukangotha, mphepo ya August imanyamula fumbi la m'misewu ndi kulilowetsa m'nyumba, m'maso ndi m'mphuno, kenaka October amadza ndi dzuwa lake lija losaseka ndi munthu. Kumidzi nako iyi ndiyo nthawi yopuntha ndi kupeta cimanga, ndiponso ya utsi wa chire. Ndiyo nyengo ya kamfuno. Mwana amadzuka pilo itafiira, wogulitsa tomato pa Soweto Market amangoona dontho pa citenje, ndipo m'chalichi, ulaliki uli m'kati, mumaona nkhalamba ikutuluka mwakacetecete mpango uli pamphuno.

Nthawi zambiri magazi amaleka okha. Mabuku a zaumoyo amati pa anthu 10 alionse, pafupifupi 6 amatulukapo kamfuno pa moyo wao, koma amene amafika pofuna dokotala ndi ocepa zedi. Kwa ambiri magazi amacokera patsogolo penipeni, pa cipupa cimene cimagawa mphuno pawiri, pamene timitsempha tating'ono timakumana pansi pa khungu lopyapyala. Malowa anapatsidwa maina a madokotala awiri amene anawafotokoza, James Little wa ku America mu 1879 ndi Wilhelm Kiesselbach wa ku Germany mu 1884. N'cifukwa cake mankhwala oyamba ndi zala zanu ziwiri: khalani pansi, weramirani kutsogolo, finyani kofewa kwa mphuno mphindi 10 kufikira 15, osasiyasiya kuti muone ngati aleka. Zija tinakula nazo zoyang'ana kumwamba zimangotumiza magazi kukhosi ndi m'mimba, kenaka munthu asanza zofiira, apabanja n'kuyamba kulira poganiza kuti matenda ndi a m'kati.

Koma lero ndifuna tikambirane za ocepa aja amene magazi ao amakana kuleka, pamodzi ndi ena amene apangidwa opaleshoni ya m'mphuno: kutsegula timapanga ta m'mafupa a nkhope timene acipatala amati masainasi, kuongola cipupa cokhota, kapena kucotsa tinyama tomera m'kati totsekereza mpweya. Kuno ku Lusaka nchito zotere zimacitika ku dipatimenti ya makutu, mphuno ndi khosi ya ku UTH, ku Levy Mwanawasa imene inatsegulidwa mu 2011 ku Chainama, ku Beit CURE imene yakhala ikuthandiza ana kuyambira mu 2006, ndi m'zipatala zina zolipira za mumzinda muno. Ambiri mwa odwalawa amabwerera ku bedi kapena kunyumba mphuno zitatsekedwa ndi cinthu cimene ife timangoti thonje, pamene anzathu ovala zoyera amati paki. Cimakhala m'menemo tsiku limodzi, awiri, nthawi zina atatu, cikupanikiza pa bala kuti magazi aundane.

Poyendera odwala m'miphakati yathu ndamva nkhani imodzimodzi kwa anthu osadziwana. Opaleshoni sanaimve, anali m'tulo. Kulowetsa thonje anapirira, popeza mantha a magazi anali aakulu kuposa ululu. Cimene saiwala ndi tsiku locotsa. Amuna aakulu misinkhu, oti anazulidwapo dzino osaphethira, amati kunali ngati munthu akukoka ubongo kudzera m'mphuno. Ena amakomoka pa mpando pomwepo. Ndipo nkhani zimenezi zimayenda, pa benchi la cipatala, m'minibasi, pa maliro, mpaka wodwala wa mawa amafika pakhomo atafooka kale ndi mantha.

Mantha amenewa amabala zoopsa. Taganizirani mlimi wa ku Chongwe kapena ku Rufunsa amene wabwera ndi kalata ya ku kiliniki, wafikira kwa mphwake ku Chelstone, ndipo wauzidwa kuti abwerenso pakapita masiku awiri kudzacotsa. Kumunda kwatsala nchito, ndalama ya basi yaperewera, ndipo usiku wonse wamva za ubongo wokokedwa uja. Mayeso amamudzera awiri. Oyamba ndi kulowa m'bafa ndi kagalasi, n'kukoka yekha kacingwe pang'onopang'ono. Aciwiri ndi kukwera basi kubwerera kumudzi thonje liri m'mphuno, nati tidzaona kutsogolo. Zonse ziwiri zingathe kutayitsa moyo. Wokoka yekha angatsegule mtsempha pamalo popanda womuthandiza. Wolisunga masiku ambiri akuweta tizilombo m'malo ofunda ndi onyowa, ndipo ngakhale sizicitika kawirikawiri, poizoni wa tizilomboto angalowe m'magazi ndi kugwetsa thupi lonse m'kanthawi kocepa.

Tsono mfundo yanga ndi iyi, abale: ululu wa tsiku limenelo ungathe kucepetsedwa kwambiri, ndipo zocepetsera zake si zodula, zambiri ziri kale pa thireyi ya nesi. Cosowa kawirikawiri ndi mphindi zocepa cabe, ndi munthu wolimba mtima kufunsa.

Tiyambe ndi cifukwa cake kumawawa. Ambiri timaganiza kuti njira ya mphuno imakwera m'mwamba kuloza kumaso. Iai, imapita cogona, kulunjika kumbuyo, pamwamba pa m'kamwa, kutalika kwake ngati cala ca mkombaphala kapena kupitirirapo. M'kati monsemo muli khungu lofewa lodzala ndi mitsempha yomvera, ya banja limodzi ndi ya mano ndi ya maso. N'cifukwa cake munthu akakhudzidwa m'mphuno misozi imagwa yokha ngakhale asakulira, ndipo mano a m'mwamba amamva kuwawa. Pa masiku awiri aja magazi ndi mamina zimauma ndi kumata thonje ku khungu limenelo. Amai amene anamatulapo nsalu youma pa cilonda ca mwana akudziwa cimene ndikunena. Ukamatula mouma, nsalu imabwera ndi nkhanambo, mwana akuwa, cilonda ciyambanso kukha magazi. Ukayamba wainyowetsa n'kudikira, imangocoka yokha. M'mphuno namo ndi momwemo, kungoti cilondaco cabisala kumene maso saona.

Mapaki ali mitundumitundu, ndipo n'kwabwino kufunsa tsiku lomwelo kuti akuikani mtundu uti. Wakale kwambiri ndi nsalu yopyapyala yaitali ngati liboni, yopakidwa Vaseline kapena mankhwala acikasu, imene amaipinda m'kati mosanjikiza. Ingapitirire mita yathunthu m'mphuno imodzi, motero wosauzidwa amacita mantha poiona ikutuluka osatha monga mipango ya wamatsenga. Wina ndi siponji youma yofinyidwa, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Merocel: imalowa yopyapyala, imatupa ikamwa madzi, imagwira bwino magazi, koma ikauma imamatirira. Wacitatu ndi kabaluni kopopedwa mpweya, kokutidwa ndi nsalu imene imaterera ikanyowa, monga kaja amati Rapid Rhino. Pamene magazi akucokera kumbuyo kwenikweni, monga zimakonda kucitikira okalamba, madokotala amalowetsa kapaipi ka baluni kufika kumbuyoko, ndipo wodwala wotere amagonekedwa m'cipatala. Palinso mapaki atsopano amene amasungunuka okha osafuna kucotsedwa. Amenewa ndi odula, sapezeka paliponse, komanso sayenera bala lirilonse. Wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands angawafunse; ambiri a ife a ku Kabwata tidzakumana ndi liboni kapena siponji, ndiye tiyeni tidziwe zocita nazo.

Coyamba ndi madzi. Nesi kapena clinical officer amatenga sirinji ndi kuthira m'paki madzi amcere aja a m'diripu mpaka siponji itakhuta. Akatero ayenera kudikira, mphindi 5 kapena 10. Kudikirako ndiko kumagwira nchito. Kuthira madzi ndi kukoka nthawi yomweyo kuli ngati kuviika nyemba n'kuzitsanula pompo, kenaka n'kumadabwa kuti sizinafewe.

Caciwiri ndi mankhwala ocititsa dzanzi. Aliyense amene anazulitsapo dzino amawadziwa. Dzina lao ndi lignocaine, ena amati lidocaine. Anapangidwa ku Sweden mu 1943 ndi katswiri wina dzina lake Nils Löfgren, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la World Health Organization, kutanthauza mankhwala amene dziko lirilonse liyenera kukhala nao m'zipatala zake. Ndi omwe aja amagwiritsa nchito posoka bala la wogwa pa njinga. Madokotala a m'maiko osiyanasiyana anayesa kuthira mankhwalawa m'siponji m'malo mwa madzi okha, n'kudikira mphindi 10 kapena 15 asanakoke, ndipo anapeza mobwerezabwereza kuti odwala amamva ululu wocepa. Sakulasa nyeleti pa thupi iai. Siponji yomweyo ndiyo imamwa mankhwala ndi kuwafikitsa pa khungu. Mlingo wake ndi wa acipatala kuyeza, makamaka kwa ana ndi kwa odwala mtima kapena ciwindi. Amene anatupapo kapena kubanika atalasidwa nyeleti ya dzino anene msanga asanayambe.

Cacitatu ciri m'manja mwanu. Panado, mapiritsi awiri a 500 mg kwa munthu wamkulu, omwedwa theka la ola kapena ola limodzi nthawi yocotsa isanakwane, amakhala atayamba kugwira pamene mukukhala pa mpando uja. Funsani tsiku loikidwa paki ngati muloledwa kutero. Koma cenjerani ndi asipilini, Brufen ndi diclofenac, pakuti amenewa amacedwetsa magazi kuundana. Mankhwala ena a mutu a pa kantemba ali ndi asipilini m'kati, ndiye werengani pa kapepala kapena mwana akuwerengereni. Amene dokotala anawalembera asipilini kapena warfarin kamba ka mtima kapena sitiroko asaleke okha. Auze acipatala, iwo ndiwo anene zocita. A BP amwe mankhwala ao m'mawa umenewo monga masiku onse. Ndipo musapite ndi njala pokhapo ngati akuletsani kudya, cifukwa njala ndi mantha zikakumana munthu sacedwa kugwa.

Kacotsedwe kake nako kali ndi mwambo. Wodwala akhale pa mpando wotsamira kapena pa bedi lokwezedwa kumutu, kambale kali pansi pa cibwano, apume ndi kukamwa pang'onopang'ono. Ngati ndi baluni, mpweya uyambe wacotsedwa wonse ndi sirinji. Kenaka paki imakokedwa cogona, motsata njira ija ndanena, osati kukwezera m'mwamba, ndi dzanja lokhazikika, losatsomphola ndiponso losazengereza. Liboni imatuluka pang'onopang'ono, ikumanyowetsedwa pamene yakakamira. Ngati mphuno zonse ziwiri zatsekedwa, palibe colakwa kupempha kapumulo pakati. Womva cizungulire anene, amugoneke asanagwe. Ndipo mau ocepa a wocotsayo, onena kuti tsopano ndiyamba, mudzaona magazi pang'ono koma musaope, amamasula thupi, ndipo thupi lomasuka silimva kuwawa mofanana ndi thupi lokungika.

Amene akukonzekera opaleshoni ali ndi mwai wofunsa zinthu zisanacitike. Madokotala ena amaveka siponji kacala ka gulovu ya labala asanailowetse, kuti isamatirire ku khungu. Ena, akaongola cipupa, amangosoka m'kati ndi ulusi wosungunuka osaika paki konse. Si bala lirilonse limalola zimenezi, ndipo wosankha ndi dokotala amene waona m'katimo.

Kufunsako ndiko kumatikanika. Ambiri a ife tinaleredwa kuti pamaso pa wovala yunifomu munthu amavula cipewa ndi kuvomera zonse. Nkhalamba imene kumudzi imaweruza milandu ya ng'ombe, ikafika pa cipatala imasanduka mwana wa giredi wani. Imaopa kuti ikafunsa aiyesa yamwano, kapena aibweza kumapeto kwa mzere. Paja safunsa anadya phula. Kufunsa mwaulemu si mwano, ndipo mau ake ndi ocepa: "Pepani a sisita, ndiri ndi mantha. Kodi mungayambe mwanyowetsa, kapena kuthirako mankhwala a dzanzi?" Ngati wodwala sangathe, womuperekeza anene: "A dokotala, atate awa sanagone ndi mantha, conde muyambe mwawathirira madzi." Ndani angakwiye ndi mau otere?

Ndisaoneke ngati ndikuloza cala anesi. Akatswiri a makutu, mphuno ndi khosi m'dziko lathu ndi owerengeka, ambiri a iwo ali kuno ku Lusaka, ndipo odwala amawafuna kucokera m'zigawo zonse. Munthu amene ali ndi mzere wautali pakhomo sangakhale mphindi 15 akuyang'ana siponji ikufewa. Koma sizifunika kutero. Wodwala angathiridwe madzi kapena mankhwala, n'kubwerera pa benchi, wina n'kulowa, iye n'kuitanidwanso nthawi itakwana. Mzere sunacedwe, ndipo paki yofewa sivuta kutuluka. Kwa akuluakulu oyang'anira mawodi ndi makiliniki, pempho langa ndi lakuti ici cilembedwe pa cipupa ngati mwambo wa nchito, cisadalire kuti wodwala wa tsikulo ndi wolimba pakamwa kapena wodziwa Cizungu. Agogo a kumudzi amene sananene kanthu akumva kuwawa komweko.

Tsopano ndikambe monga katekisita, popeza pali ena a mu Mpingo amene amakana mankhwala ocepetsa ululu pa zifukwa za cikhulupiriro. Ndamvapo akhristu okhwima akunena kuti uwu ndi mtanda wanga, Ambuye Yesu anakana vinyo wosanganiza ndi mure pa Gologota, nanga ine ndine yani? Mtima umenewu ndimaulemekeza, koma Mpingo suphunzitsa kuti tizifunafuna ululu. Pa 24 February 1957, Papa Pio wa 12 anayankha mafunso a madokotala ogoneka anthu pa opaleshoni, ndipo anafotokoza kuti mkhristu sakakamizidwa kufuna kuwawa cifukwa cabe cakuti ndi kuwawa, ndi kuti kugwiritsa nchito mankhwala okucepetsa n'kololedwa. Papa Yohane Paulo waciwiri, yemwe uja anatiyendera kuno mu May 1989, analemba mu 1984 kalata yaitali ya tanthauzo la masautso, Salvifici Doloris, ndipo cakumapeto kwake anakhazikika pa Msamariya wacifundo. Msamariya uja sanaime pa njira kulalikira wovulala za kupirira. Anathira mafuta ndi vinyo pa mabala ake, nalipira pogona. Mitanda imene sitingaithawe ilipo yokwanira: cilala, ngongole ya feteleza, matenda osacira, maliro. Uwu wa siponji youma ndi wosema tokha. Pa 3 February timadalitsa makosi pokumbukira Blazio Woyera. Mphuno iribe tsiku lake pa kalendala ya Mpingo, kaya ndico cifukwa timaisiya ivutike yokha.

Miphakati ndi mabungwe athu ali ndi mbali yao. Mlimi uja wa ku Chongwe sasowa ulaliki. Asowa pogona masiku awiri ena, ndalama ya minibasi kucokera ku Chelstone kufika ku cipatala ndi kubwerera, ndi munthu womuperekeza amene angamugwire dzanja ndi kumuyankhulira. A St Vincent de Paul, a Legio ya Maria ndi amai a Anna Woyera amayendera kale odwala; angoonjezera funso limodzi: "Nanga thonjelo akuti acotsa liti, ndipo mupita ndi yani?" Aone kapepala kamene palembedwa tsiku, akumbutse za khadi la kucipatala ndi la NHIMA kwa amene ali nalo. Adziwenso zizindikiro zosafuna kudikira tsiku lolembedwa: kutentha thupi, zidzolo pa khungu, kusanza kapena kutsegula m'mimba, magazi otsikira kukhosi mosaleka, kupuma movutikira, kapena paki kutsetserekera kumbuyo. Wotere apite ku cipatala usiku womwewo. Kacingwe komatidwa pa tsaya kasadulidwe ngakhale kakunyansa bwanji, cifukwa ndiko kogwirira pocotsa.

Paki ikatuluka musathamangire basi. Khalani pa benchi theka la ola kuti ngati magazi ayambanso, ayambe muli pafupi ndi cithandizo. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri, malinga ndi mmene akuuzirani, musamine mwamphamvu, yetsemulani kukamwa kuli kotsegula, ndipo cala cisalowe kukatokosa nkhanambo. Alimi, thumba la 50 kg la cimanga kapena la feteleza asenze anyamata, khasu ndi licero zidikire. Mowa ndi tiyi wotentha kwambiri mupewe masiku oyamba, pamodzi ndi fodya wa m'mphuno, nsunko uja amai ena amasunga pa mfundo ya citenje. Vaseline pang'ono pakhomo pa mphuno, m'mawa ndi madzulo, amathandiza kuti khungu lisang'ambike ndi mphepo youma. Musacoke osapimitsa BP, popeza ikakhala yokwera magazi amavuta kuleka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nayo. Ngati kamfuno amabwerabwera mbali imodzi yokhayokha, mphuno yomweyo iri yotsekeka, pemphani kuti akuunikeni m'kati musanabwerere kumudzi.